Mchira wa Mvuu ndi Mafunso a Bilimankhwe

Kalekale, nyama zikadayankhula monga tikuyankhulira ine ndi inumu, kudambo kwina kunali dziwe limodzi lokha losaphwa m'chilimwe. Nyama zonse zinkamwa pamenepo. Kuti zisamamenyane pomwera, zinkasankha kapitawo wa dziwe, woona za ukhondo wa madzi ndi kunena woyamba kumwa.

Kasankhidwe kake sikanali kobisa ayi. Ofuna udindo ankaima pabwalo atafulatira khamu, ndipo nyama iliyonse inkakaima kumbuyo kwa amene yamufuna. Wa mzere wautali ndiye ankapambana.

Kapitawo anali Mvuu. Chaka chino Mvuu, chaka chamawa Mvuu, chaka chinacho Mvuu yemweyo. Nanga ndani akadalimbana ndi kukamwa kuja? Koma Mvuu anali ndi khalidwe lake, ndipo pepani amene mukutafuna kanthu. Akafuna kudzithandiza sankapita kuthengo ngati anzake. Ankaima m'dziwe momwemo n'kumapukusa mchira, phe phe phe, ndowe n'kumamwazika uku ndi uku, m'madzi, pabango, ngakhale pamphuno pa amene wabwera kudzamwa. Akakondwa, mchira. Akakwiya, mchira. Madzi anafika pobiriwira ngati thelele. Nyama zinkamwa zitatsinzina, kenako n'kupukuta pakamwa n'kunena kuti, "Zikomo, a kapitawo."

Tsono chaka china Njiri, mmisiri wokumba zitsime, analengeza kuti nayenso akaima pabwalo. Mvuu atamva anaseka mpaka madzi anachita mafunde. Koma atatha kuseka, anasiya kudya udzu. Mkazi wake anaona.

"Bambo, kuseka mwaseka, koma kudya simukudya," anatero mkaziyo. "Bwanji osatuma Bilimankhwe akafunse zimene nyama zikuganiza?"

Bilimankhwe ameneyu analibe munda, analibe msampha. Ntchito yake inali kufunsa basi. Njuchi zikafuna kudziwa ngati uchi wa chaka chimenecho ukukondedwa, zinkatuma iye. Nungu asanayambe kugulitsa minga yake ngati masingano, anayamba watuma iye kukaona ngati osoka alipo. Mkazi wa Pusi, wofulula mowa wa masuku, anamva kwa iye kuti ogula sankathawa kuwawasa kwa mowa, ankathawa kuchepa kwa chipanda. Ntchitoyi inkamukhala chifukwa cha maso ake. Akamafunsa, diso limodzi linkayang'ana pakamwa pa woyankha, lina kumapazi. Pakamwa pakanena kuti inde koma mapazi akufuna kuthawa, iye ankakhulupirira mapaziwo.

Mvuu anamuitanitsa, ndipo Bilimankhwe anafika, nakhala pa tsinde la bango, naomba m'manja.

"Iwe," anatero Mvuu, "ukafunse nyama zonse ngati zikundifunabe. Ukandinamiza, ndikuponda."

"Nanga ndikabwera ndi zoona koma zosakoma, bwana?"

"Zoona zosakoma za ine zichokera kuti? Tiye."

"Tiye? Bwana, pa ntchito imeneyi ndimayenda ndekha."

"Ndi kayendedwe kakoko? Phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira? Chisankho chidzatha iwe usanafike kwa Gwape. Kwera pamutu pangapa."

Bilimankhwe anayang'ana phazi la Mvuu. Linali ngati mtondo wosinjira. Anakwera.

Anayamba kwa Gwape. "Odi, a Gwape!"

"Odini! Eee, ndi a kapitawo omwe! Takulandirani, takulandirani."

"Ndabwera kudzafunsa," anatero Bilimankhwe. "Muyankhe momasuka. Kodi a Mvuu akuyendetsa bwino dziwe?"

Mvuu anayasamula. Sikuti ankaopseza, anangoyasamula, koma mano onse anali poyera.

"Bwino kwambiri!" anakuwa Gwape. "Madzi ake ndi okhutitsa. Ukamwa sufunanso ndiwo."

Diso limodzi pakamwa, diso lina kumapazi. Miyendo ya Gwape inali itatembenukira kale kuthengo.

Anapita kwa Nkhanga. "Muyankhe momasuka. Kodi a Mvuu akuyendetsa bwino dziwe?"

Mvuu anayasamula.

"A Mvuu, a Mvuu, a Mvuu!" analira Nkhanga. "Ine ndi banja langa lonse, a Mvuu, a Mvuu!"

Diso limodzi pakamwa, diso lina kumapazi. Zikhadabo za Nkhanga zinali zikupalasa pansi, zokonzeka kuuluka.

Anapita kwa Nyani. Nyani atangowaona patali anakwera mumtengo, mpaka kunsonga.

"Muyankhe momasuka, a Nyani. Kodi a Mvuu..."

"Ndani wanena kuti sindiwafuna?" anafuula Nyani ali m'mwambamo. "Ndani? Munditchulire ndikamuthyole khosi!"

"Tatsikani tikambirane."

"Ndikumva bwino ndili konkuno."

Anayenda dambo lonse, ndipo kulikonse yankho linali lomwelo. Pobwerera Mvuu ankayenda monyang'wa, mchira phe phe phe, njira yonse n'kuipaka.

"Wamva wekha," anatero. "Onse."

"Ndamva, bwana. Koma mayankho amenewa ndi a mano anu, si a mitima yawo. Mukadawafunsa ngati dzuwa limatulukira kumadzulo akadavomeranso."

Mvuu anakweza phazi pang'ono, kenako analibweza. "Chabwino. Upite wekha. Koma oti ukawafunse ndikusankhira ine. Za madzi ungafunse Gwape? Gwape amadziwa chiyani za madzi? Ukafunse okhala m'madzi momwemo."

Bilimankhwe anakakwera bango lopendekera pamwamba pa dziwe, naitana Mlamba. Mlamba anatulutsa mutu, ndevu zili nyomi, thupi lili see kunenepa.

"A Mlamba, muyankhe momasuka. Kodi a Mvuu akuyendetsa bwino dziwe?"

"Achimwene, musandiliritse," anatero Mlamba. "Munthu wamkulu ameneyu ndi mayi wathu, ndi bambo wathu. Zimene amamwazazi ndiye chakudya chathu. Onani mimba iyi. Akadakhala ndi michira iwiri tikadavina."

Diso limodzi pakamwa, diso lina kumapazi. Mapazi panalibe, koma zinali zoonekeratu kuti Mlamba akunena zochokera pansi pa mtima.

"Ndiye tsiku la chisankho mudzaima kumbuyo kwawo?"

"Kuti?"

"Kubwalo."

"Kumtunda? Padzuwa? Mukufuna ndiume ngati amalume anga amene anawaika pautsi?" Mlamba anamira.

Anaitana Chule. Chule anati chiyambire ulamuliro wa a Mvuu ntchentche zachuluka, moti iye amangotsegula pakamwa zokha n'kumalowa.

"Ndiye mudzaima kumbuyo kwawo?"

"Pabwalo lodzaza ziboda? Ine wofewa chonchi? Mukawauze kuti ndili nawo limodzi mumtima."

Anaitana Kakowa, mbalame yoyera imene inkadya tizilombo pamsana pa Mvuu. Kakowa anati bwana woposa ameneyu sanabadwe.

"Ndiye mudzaima kumbuyo kwawo?"

"Ine ndimaima pamsana, achimwene. Kumbuyo, ndi nthenga zoyera izi? Inunso mukudziwa zimene zimachitika kumbuyoko."

Bilimankhwe anabwerera kwa Mvuu. "Bwana, onse amene munasankha amakukondani, ndipo sakunama."

"Wamva wekha!"

"Koma palibe ngakhale mmodzi amene adzafike kubwalo. Tafunsa odya, tasiya akumwa."

Mvuu anakwezanso phazi, ulendo uno m'mwamba ndithu. Mkazi wake ndiye anayankhula. "Bambo, mwalemba munthu ntchito, musiyeni aigwire. Apite yekha, kwa amene iye akufuna, inu mutsale pano."

Bilimankhwe ananyamuka yekha. Phazi kutsogolo, phazi kumbuyo. Dzuwa linatuluka, linalowa, linatulukanso, iye ali panjira. Atafika kwa Gwape sanathamangire funso. Anakhala pansi, nasanduka wotuwa ngati Gwape yemwe, nayamba malonje. Anafunsa za ana, za msipu, za chifuwa cha agogo. Atatha zonsezo ndiye anati, "Lero ndili ndekha, a Gwape. Za a Mvuu zija mukuti bwanji?"

"Ine ndilibe nawo vuto," anatero Gwape. "Munthu wamkulu salakwa."

Mapazi anali kunjenjemera. Bilimankhwe anadziwa kuti funso lolunjika silimuthandiza, ndipo anazungulira kuseri.

"Zoona, inu ndinu ofatsa. Nanga anansi anuwa, a Nkhanga, amati bwanji?"

Gwape anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, nasendera pafupi.

"Ine ayi, mwamva? Ine ayi. Koma a Nkhanga! Akuti madzi akununkha. Akuti amamwa atagwira mpweya. Akuti tsiku lina atawerama kuti amwe, zinthu zija zinawagwera pamsana n'kumatirira mu ubweya, moti akazi awo anawagoneka panja."

"A Nkhanga ali ndi ubweya?"

"Nthenga. Ndimati nthenga."

Diso limodzi pakamwa, diso lina kumapazi. Mapazi anali phee, osagwedera.

Anapita kwa Nkhanga, nasanduka wamawangamawanga, nachita malonje.

"Ine ndilibe nawo vuto," anatero Nkhanga.

"Nanga a Nyani amati bwanji?"

Nkhanga anatsitsa mawu, chinthu chimene nkhanga sichita kawirikawiri. "Ine ayi. Koma a Nyani! Akuti atopa. Akuti a Njiri angakumbe zitsime zoyera. Akuti anapiye awo onse akutsegula m'mimba."

"A Nyani ali ndi anapiye?"

"Ana. Kodi ndati chiyani? Ana."

Anapita kwa Nyani, namupeza pansi, akusenda chimanga choba.

"Ine ndilibe nawo vuto," anatero Nyani.

"Nanga a Gwape amati bwanji?"

Nyani anataya chitsononkho. "Ine ayi. Koma a Gwape, ofatsa aja! Akuti ukasamba m'manja m'dziwe lija, manja amatuluka akuda kuposa mmene analowera. Akuti amachita kunyansidwa ndi zala zawo zomwe."

"A Gwape ali ndi zala?"

Nyani anabisa manja kumbuyo. "Inu mwabwera kudzafunsa kapena kudzakangana?"

Anayenda dambo lonse, kwa Mbawala, kwa Njati, kwa Mbidzi, kwa Nungu. Kulikonse chinali chimodzimodzi. Mwini wake alibe vuto, koma mnansi, mayo ine, mnansi watopa.

Atabwerera anakakhala patali pang'ono ndi phazi lija, naomba m'manja.

"Bwana, aliyense wati iye amakukondani."

"Wamva wekha!"

"Sindinathe. Aliyense watinso mnansi wake sakukufunani. Ndipo zimene akunena m'dzina la mnansi ndi zawo zomwe, dzinalo akungobwereka. Sakudana ndi mano anu, sakudana ndi mimba yanu. Akudana ndi mchira. Mutamapita kuthengo ngati anzanu, angakusankheni ndi mtima wonse. Mukapitiriza, mitima yawo ili kwa a Njiri."

 

"Mchira wanga?" anatero Mvuu. "Agogo anga ankapukusa. Bambo anga ankapukusa. Lero ndisiye chifukwa cha miseche? Chimene munthu wanena za iye mwini ndicho chenicheni. Chimene wanena za mnzake ndi miseche. Ndakutuma kukafunsa, iwe wakatola miseche!"

Phazi linakwera, ndipo mthunzi wake unamuphimba Bilimankhwe yense.

"Bambo," anatero mkazi wa Mvuu, "mukamuponda lero, adzati munaopa mawu ake. Dikirani chisankho."

Mvuu anatsitsa phazi pang'onopang'ono. "Chabwino. Wati mitima ili kwa Njiri. Ndikapambana, ndiye kuti wandinamiza, ndipo ndidzakuponda pabwalo pomwepo, onse akuona."

"Nanga mukagwa, bwana?"

"Sindigwa."

Bilimankhwe anakwera mumkuyu wa m'mphepete mwa dziwe, nakhala panthambi. Mantha anamugwira, mantha enieni, moti mitundu inkasinthasintha yokha pathupi pake. Mukudziwa chimene chinkamuopsa? Sankakayika zimene anapeza. Mitima inalidi kwa Njiri. Koma pabwalo sipaima mitima, pamaima mapazi. Gwape sankadziwa zimene Nkhanga akuganiza, anangobwereka dzina. Nkhanga sankadziwa za Nyani. Aliyense ankayesa kuti wotopa ndi iye yekha. Ndipo ndani angakaime yekhayekha kumbuyo kwa Njiri, kuti Mvuu potembenuka amuone nkhope? Onse adzapita kwa Mvuu mitu ili pansi, Mvuu adzapambana, ndipo iye, wonena zoona, adzasanduka chikwatu chophwanyika padothi. M'dambo lonselo, wodziwa kuti onse akuganiza chimodzi anali iye yekha.

Anaganiza, anaganiza, diso lina uku, diso lina uko. Kenako maso onse awiri anayang'ana malo amodzi.

M'mawa wa tsiku la chisankho anatsika kukapeza Mvuu akudzola matope.

"Bwana, ndaganizira mawu anu aja. Bwanji ndikalengeze pabwalo kuti aliyense anati amakukondani? Njiri akamva, mawondo adzalobodoka."

Mvuu anamwetulira mpaka m'makutu. "Tsopano wayamba kuganiza. Koma ndi kamawu kakoko adzakumva ndani?"

"Ndikakhala pamalo okwera adzandimva. Pamutu panu pangakhale bwino. Komanso inu simuloledwa kutembenuka, koma diso langali limaona kumbuyo. Ndizikuuzani mmene mzere ukukulira."

"Kwera."

Bilimankhwe anakwera, nagwira khutu la Mvuu ndi manja onse. Anali atayeza bwino. Phazi la mvuu limafika paliponse, koma silifika pamutu pa mwini wake.

Bwalo linadzaza. Njovu, amene ankayendetsa mwambo, anakweza chitamba.

"Opikisana, imani apa ndi apo. Fulatirani. Wotembenuka kapena wosuntha phazi ndisanalize lipenga, wagwa."

Mvuu anafulatira. Njiri anafulatira, kamchira kali njo m'mwamba chifukwa cha mantha. Khamu linayamba kusuntha, ndipo monga anaopera Bilimankhwe, linkasunthira kwa Mvuu. Mitu pansi, mapazi olemera, ngati opita kumanda. Chokhacho, aliyense ankakankhira mnzake kutsogolo, popeza palibe ankafuna malo oyamba kumbuyo kwa mchira uja. Malo amenewo anatenga Fisi, amene Mvuu anamulonjeza kabango kobisalamo pafupi ndi pomwera.

"A Njovu!" anaitana Bilimankhwe. "A Mvuu andituma ndilengeze zimene ndinapeza."

"N'zoona, a Mvuu?"

"Alengeze!" anatero Mvuu. "Onse amve!"

Khamu linaima. Bilimankhwe anakonza kukhosi.

"Ndinayenda dambo lonse. Ndinafunsa khomo lililonse. Aliyense anati iye amawakonda a Mvuu."

"Mwamva nokha!" anafuula Mvuu. "Basi, wamaliza."

"Ndipo aliyense," anapitiriza Bilimankhwe, "anati mnansi wake watopa ndi madzi a ndowe."

"Khala chete!" Mvuu anapukusa mutu, koma mapazi sakadasuntha. Bilimankhwe anakakamira khutu, thupi lili lende lende.

"Maina sinditchula, ntchito yanga sindigwira choncho. Koma palibe khomo limene sindinamve mawu amenewa. Palibe ngakhale limodzi. Tsono yense ayang'ane amene waima naye pafupi."

Gwape anayang'ana Nkhanga. Nkhanga anayang'ana Gwape.

"Kodi a Nkhanga," ananong'ona Gwape, "madzi aja inunso..."

"Amandisanzitsa. Inunso?"

"Ine ndinabwereka dzina lanu. Pepani."

"Musapepese, ine ndinabwereka la a Nyani."

"Ine la a Gwape!" anatero Nyani. "Ndinawapatsa ndi zala zomwe!"

Wina anaseka. Wina anasekanso. Kenako bwalo lonse linaphulika ndi phwete, Mbidzi kugwira Njati paphewa, Mbawala misozi ili mbwe mbwe. Taonani, nthawi yonseyi ankamwa limodzi, kutsinzina limodzi, kuthokoza limodzi, yense akuyesa kuti mphuno yovuta ndi yake yokha!

Gwape, wamantha uja, ndiye anayamba. Anayenda nakaima kumbuyo kwa Njiri. Nkhanga anatsatira. Nyani anatsatira. Kenako kunangomveka mgugu.

"Ndikumva mapazi," anatero Mvuu. "Akubwera eti? Mzere wafika pati?"

"Kumbuyo kwanu kuli a Fisi, bwana."

"Ndi ndaninso?"

"A Fisi."

"Ukunama! Mapazi onsewa?"

"Akupita kwa a Njiri."

"A kapitawo, musadandaule!" anakuwa Fisi, akusendera pafupi kuti amveke bwino. "Ine ndilipo! Ine sindichoka! Ndifera pompano!"

Koma Mvuu anali atakwiya, ndipo inu mukudziwa zimene Mvuu amachita akakwiya. Sanafune, sanaganize. Mchira unangoyamba wokha, phe phe phe phe. Fisi anali atatsegula pakamwa kuti alumbirenso. Sanamalize. Anatembenuka, nathawa akulavula, akudzigubuduza paudzu, akutukwana mtundu wonse wa a Mvuu kuyambira agogo aja.

Njovu analiza lipenga.

Mvuu anatembenuka. Kumbuyo kwake kunalibe aliyense, kunali ndowe zake zokha. Mzere wa Njiri unadutsa chulu, unakhota pamtengo wa msuku, n'kukathera kudambo. Ndipo kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunaima mkazi wa Mvuu, akuyang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula.

"Mayi, inunso?"

"Ine ayi, bambo," anatero mkaziyo. "Koma ana akuti atopa."

Mvuu anabangula. "Iwe Bilimankhwe, tsika! Tsika ndikuponde!"

"Munati mundiponda mukapambana, bwana, chifukwa ndikhala nditakunamizani. Mwapambana?"

"Wakunamizani pati, a Mvuu?" anafunsa Njovu, akusendera pafupi. "Tiuzeni tonse timve."

Mvuu anatsegula kukamwa kuja, mano onse poyera. Palibe anathawa. Anakutsekanso. Manyazi anamugwira kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo anathamangira kudziwe. Podutsa pansi pa mkuyu, Bilimankhwe anaponya mchira wake nakola nthambi, natsala ali lende. Pansi pake panangomveka chubwi!

Anadzikokera pamwamba pa nthambi, nadziyang'ana. Msana unali wozungulira monga kale, miyendo yonse inalipo. Anali wamoyo, ndipo anasanduka wobiriwira biriwiri ndi chimwemwe.

Njiri anakumba zitsime m'mphepete mwa dambo, ndipo nyama zinayamba kumwa maso ali otsegula. Mvuu sanasinthe, mchira akupukusabe mpaka lero, ndipo Mlamba akunenepabe. Koma kuyambira tsiku limenelo Mvuu usana amabisala m'madzi, n'kungotulutsa timakutu kuti amve zimene akumtunda akunena. Kumva kumene akukufuna tsopano anakukana nthawi imene kukadamuthandiza.

Tsono inu amene mwakhala pano, phunziro lake ndi ili. Ukafuna kudziwa zimene anthu akuganiza, usawafunse utawaimirira pamutu, usafunse okhawo amene amadya kwa iwe, ndipo akakuuza chowawa usaponde wokuuzayo. Nanunso ofunsidwa, musamayese kuti chimene chikukununkhirani chikununkhira inu nokha. Mufunseni mnzanuyo.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira chinangwa paphulusa, kachiphuleni chisanapserere.